Kusaka bwinja la agogo m'mapepala a atsamunda

Munthu akamayenda pamsewu wochoka ku Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Mulanje, maso amakhuta tiyi. Minda yake ndi yosalala ngati mutu wometedwa kumene, kutsika m'zigwa ndi kukwera zitunda mpaka kutsinde kwa phiri. Koma apo ndi apo, pakatikati pa tiyiyo, pamaoneka kamsitu ka mitengo yachilengedwe kataima pakokha.

Mlendo amangoti eni esiteti adakasiya kuti kazikongoletsa malo. Nkhalamba za m'midzi yoyandikana ndi maesitetiwo zimadziwa zina: tina mwa timisitu timeneti ndi manda, ndipo pomwe pali manda padali mudzi.

Udali mudzi wa yani? Udasamuka liti, udalowera kuti, nanga adausamutsa ndani?

Mafunso otere amabuka pasiwa, pabwalo la milandu ya malire a minda, ngakhalenso pomwe mbumba ikukanganirana ufumu. Nthawi zambiri nkhani imathera poti agogo ankatero, chonsecho agogowo adagona kalekale. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mbali ina ya yankho idalembedwa papepala zaka zoposa 130 zapitazo, ndipo mapepalawo sadathe onse. Vuto n'lakuti adalembedwa pofuna kuteteza wogula malo, osati wokhalapo. Wofuna kupezamo makolo ake ayenera kuyamba wadziwa kawerengedwe kake.

Malo a tiki

Azungu adayamba kutenga malo m'dziko muno boma la atsamunda lisadakhazikike n'komwe. Mishoni ya Blantyre idamangidwa m'chaka cha 1876 m'dera la mfumu Kapeni. Patangotha zaka ziwiri kudabwera kampani ya African Lakes, yotsogozedwa ndi anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir, yomwe anthu adangoitcha Mandala potengera magalasi amene John ankavala. Padalinso ena ofuna minda, monga John Buchanan, yemwe adabwera ngati wantchito wa mishoni koma atachotsedwa ntchito adayamba kulima khofi ku Zomba, ndi Eugene Sharrer, wamalonda wochokera ku Germany.

Itamveka mphekesera yoti Britain ilitenga dzikoli, pakati pa 1889 ndi 1891, kudali kulimbirana ngati nkhuku pamadeya. Aliyense ankathamangira kwa mfumu atasenzetsa anthu nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mfumu inkalemba kamtanda pansi pa pepala la Chingerezi lomwe sinkatha kuwerenga, ndipo mzungu ankachokapo akuti wagula mapiri, madambo ndi mitsinje yomwe.

Pamwambo, mfumu ndi msungi chabe wa nthaka ya anthu ake. Ikhoza kuloza mlendo poti amange ndi kulima, ndipo mlendo amathokoza ndi mphatso. Kugulitsa nthaka mpaka kalekale, kuti adzukulu asadzapondeponso, chidali chinthu chosadziwika. Choncho pepala limodzi lomwelo linkatanthauza zinthu ziwiri zosiyana kwa anthu awiri amene adagwirana chanza.

Harry Johnston, yemwe adafika m'chaka cha 1891 kudzatsogolera boma latsopanolo, adapeza chipwirikiti chimenechi. Kuyambira 1892, iye ndi womuthandiza wake Alfred Sharpe adayamba kuunika zonena za mzungu aliyense woti adagula malo. Ena adawachepetsera malo, ena adawalamula kuwonjezera malipiro kwa mafumu. Amene nkhani yake yavomerezeka ankalandira chikalata chotchedwa Certificate of Claim.

Zikalata zotere zokhudza umwini wa malo zidatuluka 59, zambiri pakati pa 1892 ndi 1894. Zonse pamodzi zidatenga maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, omwe ndi maekala 15 pa maekala 100 alionse a mtunda wa dziko lino. Mwa amenewa, maekala 2.7 miliyoni adali m'boma lomwe linkatchedwa North Nyasa, kumene lero kuli Karonga ndi Chitipa. Kumeneko kampani ya British South Africa inkangofunako miyala yamtengowapatali. Sidatsegule minda, ndipo m'zaka za m'ma 1930 idabweza nthakayo n'kungotsala ndi ufulu wa migodi.

Chilonda chenicheni chidali kummwera. Maekala pafupifupi 867,000 a nthaka yachonde ya m'maboma a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje adalowa m'manja mwa anthu ochepa. Sharrer yekha adali ndi maekala oposa 360,000, omwe adadzakhala a British Central Africa Company. Mtengo womwe Johnston ankauona kuti ndi woyenera udayambira theka la kobiri kulekeza makobiri atatu pa ekala. Akuluakulu amene adagwirako ndalama za mapaundi akudziwa kuti makobiri atatu ndi tiki, kandalama kaja kotayika msanga m'thumba.

Zomwe zili m'chikalata

Chikalata cha mtundu umenewu si chachitali. Chimatchula dzina la mzungu kapena kampani, tsiku lomwe akuti adagula malowo, dzina la mfumu yomwe idagulitsa, malire a malowo, ndi mfundo zingapo zomwe mwini ayenera kutsata, monga kulola boma kudutsitsamo misewu.

Kwa wofufuza mbiri ya kwawo, chuma chili m'malire. Nthawi imeneyo oyeza malo adali ochepa, motero malire ankalongosoledwa ndi zinthu zomwe maso akuona: mtsinje wakuti, kukwera nawo mpaka pomwe ukumana ndi khwawa lakuti, kuloza nsonga ya phiri lakuti, kutsata njira yopita kwa mfumu yakuti. Mitengo idagwa ndipo njira zidamera thengo, koma mitsinje ndi mapiri sizisamuka. Namadzi, Mombezi, Thuchila, Luchenza ndi Ruo ikuyenda momwe inkayendera. Munthu wodziwa dera lake akhoza kutenga malire a 1893, kuwaika pambali pa mapu a lero, n'kuona ngati bwinja lomwe agogo ankaloza lidagwera mkati mwa esiteti kapena kunja kwake.

Yankho la funso limeneli lokha limafotokoza zambiri. Banja lomwe lidagwera mkati lidakhala moyo wina, lomwe lidatsala kunja pa nthaka ya mafumu lidakhalanso wina, ngakhale midzi yawo idangolekanitsidwa ndi kamtsinje kodumphika.

Dzina la mfumu nalo limathandiza, koma lifunika kuligwira mosamala. Chikalata chimangosonyeza yemwe adali ndi mphamvu pamalopo tsiku lomwe mzungu adafika. Zaka 30 za m'mbuyo mwake zidali za chisokonezo. Nkhondo zogwira akapolo ndi chilala cha 1862 ndi 1863 zidabalalitsa Amang'anja ambiri. Mafumu a Chiyao adakhazikika m'mapiri a kummawa kwa Shire, pamene Amakololo omwe adabwera ndi David Livingstone adadzakhala mafumu kuchigwa. Kenaka Angoni a Maseko atayamba kuwoloka Shire kudzachita nkhondo m'zaka za m'ma 1880, anthu adathawira m'mapiri monga Ndirande, Soche ndi Michiru.

N'chifukwa chake azungu ambiri adalemba kuti adapeza malo opanda anthu. Eni ake adalipo, kungoti adali pamwamba pa phiri kudikira kuti kunja kuche.

Ndime yomwe idagawa anthu pawiri

M'zikalata zambiri, ngakhale si zonse, Johnston adaikamo ndime yoti midzi ndi minda ya anthu yomwe idalipo pa tsiku la chikalatacho isasokonezedwe kapena kuchotsedwa popanda chilolezo cholembedwa cha mkulu wa boma. Pakuimva, ndimeyi ndi yokoma. Koma Johnston, yemwe sadali katswiri wa malamulo, adasiya chinthu chimodzi chachikulu: zikalatazo sizidandandalike midzi yotetezedwayo, kukula kwa minda yake, kapena mayina a anthu okhalamo.

Apa ndi pomwe wofufuza ambiri amagwa mphwayi. Amapita ndi chiyembekezo choti akapeza dzina la agogo awo, n'kukapeza dzina la mzungu, la mfumu ndi la mtsinje basi. Koma kusowa kwa mayinako ndiye mbiri imene. Moyo wa mabanja zikwizikwi udapotokera pa mpata umenewu.

Ulimi wa nthawiyo udali wosamukasamuka. Nthaka ikaguga, anthu ankaisiya kuti igonere n'kukaswa mphanje kwina, ndipo nthawi zina mudzi wonse unkasuntha. Eni maesiteti adati chitetezo chidali cha munda womwe udalipo tsiku lija. Wotsegula munda watsopano walowa m'malo a mwini ndipo ayenera kulipira. Popeza padalibe kaundula wa amene adalipo poyamba, kutsutsa kudali kovuta.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ambiri adayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Eni maesiteti adawalandira ndi manja awiri chifukwa ankasowa antchito, makamaka nthawi ya dzinja pomwe aliyense amafuna kukhala m'munda mwake. Obwerawa ndimeyo sinkawateteza. Ankapatsidwa pokhala ndi polima, malipiro ake n'kukhala ntchito.

Umu ndi momwe liwu loti thangata, lomwe kale linkatanthauza kuthandizana pantchito mwaufulu, lidasandukira dzina la goli.

Nkhaniyi idafika kubwalo lalikulu la milandu m'chaka cha 1903, pamlandu wa pakati pa mkulu woona za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa. Kampaniyo idasainitsa nyakwawa mgwirizano woti anthu awo azigwira ntchito ngati lendi. Woweruza Joseph Nunan adaukana mgwirizanowo ponena kuti udali wopondereza, ndipo adati anthu amene ndime ija inkawateteza sayenera kulipira lendi. Chigamulocho chidali chabwino papepala, koma pa esiteti kapitawo sankayenda ndi chigamulo m'thumba.

Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti lidathetseratu kusiyanitsako. Mbadwa ndi obwera onse adasanduka alendi, olipira ndi ndalama, ntchito kapena mbewu. Lidalolanso eni malo kuthamangitsa banja limodzi mwa mabanja khumi alionse pakatha zaka zisanu zilizonse. Choipa kwambiri kwa anthu a chikamwini chidali chakuti mwamuna wodzakwatira mwana wamkazi wa pamudzi sadali ndi ufulu womanga pamalopo popanda mwini esiteti kuvomera. Mbumba yomwe mphamvu zake zili mwa ana aakazi okhala pamudzi idayamba kumwazika.

Choncho banja likamakumbukira kuti agogo aakazi adachoka ku Thyolo kutsata mwamuna, zomwe n'zosemphana ndi mwambo wa kumeneko, mwina sikudali kufuna kwawo. Chaka chomwe adasamuka chikayandikana ndi zaka za kuthamangitsa anthu m'maesiteti, wofufuza wapeza poyambira.

Phunziro la ku Magomero

Umboni woti ntchito yotereyi ndi yotheka uli ku Magomero, kufupi ndi Namadzi, m'malire a Chiradzulu ndi Zomba. Malowa, pomwe Bishopu Charles Mackenzie adayesa kukhazikitsa mishoni m'chaka cha 1861, adadzakhala pakati pa esiteti ya maekala pafupifupi 169,000 ya Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Bruce adamwalira m'chaka cha 1893, ndipo malowo adatsala m'manja mwa banja lake. Woyang'anira esitetiyo adali William Jervis Livingstone.

Ambiri mwa ogwira ntchito m'minda ya thonje ndi fodya ya kumeneko adali Alhomwe obwera. Thangata yomwe inkayenera kukhala ya mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho inkatalikitsidwa mwakufuna kwa woyang'anira. Sukulu ndi matchalitchi zidali zoletsedwa pa esitetiyo, ndipo nyumba zopemphereramo zomwe anthu a John Chilembwe adamanga zidatenthedwa. Chilembwe, yemwe mishoni yake ya Providence Industrial idali pa kamalo ka maekala 93 ku Mbombwe, adali woyandikana ndi chimphona chimenechi. Usiku wa pa 23 January 1915, anthu ake adalowa ku Magomero n'kupha Livingstone.

Zimenezi ana asukulu amazidziwa. Chomwe sichidziwika kwambiri n'chakuti boma litakhazikitsa bungwe lofufuza chomwe chidautsa mapiri pachigwa, anthu akuda adaperekera umboni: mafumu, nyakwawa, aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'maesiteti. Mayina awo ndi mawu awo zidalembedwa. Katswiri wa mbiri John McCracken adasonkhanitsa maumboniwo m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising lomwe lidatuluka m'chaka cha 2015. Kwa banja la ku Chiradzulu, Zomba kapena Blantyre, amenewa ndi amodzi mwa malo ochepa momwe munthu wamba wa nthawiyo amamveka akuyankhula yekha.

Landeg White, yemwe adaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi, adapita patali. M'buku lake la Magomero, la m'chaka cha 1987, adalumikiza mapepala a mishoni, a esiteti ndi a boma ndi zomwe adamva kwa anthu a m'midzi ya kumeneko, amayi ndi abambo, n'kulondola mbiri ya malo amodzi kwa zaka zoposa 120. Mapepala adamupatsa zaka ndi ziwerengero. Anthu adamupatsa mayina, maukwati, njala ndi maliro. Zina zomwe zidaonekera n'zakuti ena mwa akapitawo a pa esiteti ndiwo adadzakhala nyakwawa za midzi yatsopano. Mfundo imeneyi siikoma m'makutu a aliyense, makamaka pomwe pali mkangano wa ufumu, koma ndi momwe midzi ina idabadwira.

Ulendo uyambire pakhonde

Kulakwitsa kwa ambiri n'kuthamangira ku Zomba chimanjamanja. Mafayilo a boma sadasanjidwe potsata mayina a mabanja. Wongofika n'kunena kuti akufuna agogo ake amabwerako ndi fumbi lokha m'manja.

Ulendo umayambira pakhonde la munthu wamkulu kwambiri pambumba, makamaka wamkazi, chifukwa m'madera a chikamwini ndiye amasunga mzere wa obadwa. Mafunso ofunika si a zaka, poti nkhalamba zambiri sizisunga zaka. Ofunika ndi a malo ndi zochitika. Ankatunga madzi mumtsinje uti? Ankaika maliro kumanda ati? Mzungu wa pamalopo anthu ankamutcha dzina lanji, nanga kapitawo adali ndani? Ankalima thonje, fodya kapena tiyi? Adasamuka nkhondo ya Chilembwe isadachitike kapena itapita? Njala ya 1949 idawapeza ali kuti?

Zochitika zoterezi ndi zikhomo zomwe wofufuza amakolekapo zaka. Dzina la mtsinje ndi la esiteti ndiwo makiyi otsegulira mafayilo.

Kenaka ndiye Zomba. Nkhokwe ya zikalata zakale za dziko lino, National Archives, idatsegulidwa kumeneko m'chaka cha 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Ili ndi mafayilo a ofesi yaikulu ya boma la atsamunda, malipoti a ma DC, mabuku omwe ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi ya m'maboma awo, mapepala a makhoti, a mishoni zina, ndi nyuzipepala ya boma ya British Central Africa Gazette yomwe idayamba kutuluka m'chaka cha 1894 ndipo inkalengeza nkhani za malo. Ndi bwino kufunsiratu za chilolezo ndi malipiro munthu asadakwere basi.

Pali bala limodzi lomwe aliyense wofufuza zaka zoyambirira amakumana nalo. M'chaka cha 1919 moto udanyeketsa ofesi yaikulu ya boma ku Zomba pamodzi ndi mafayilo ambiri a zaka za m'mbuyo mwake. Mwayi wake ngwakuti atsamunda ankakonda kulemberana makalata. Zambiri zomwe ankatumiza ku London zidasungidwa ku National Archives ya ku Kew: za zaka zisadafike 1904 zili m'mafayilo a Foreign Office, ndipo zoyambira chaka chimenecho zili m'gulu la mafayilo a Colonial Office lotchedwa CO 525. Ndandanda wa mafayilowo uli pa intaneti. Mabanja amene ali ndi mwana kapena mdzukulu ku Britain akhoza kumutuma kuti tsiku lina akawerengeko m'malo mongotumiza zithunzi za chipale.

Ku Blantyre, m'chipinda chapamwamba cha nyumba yakale ya Mandala yomwe idamangidwa m'chaka cha 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, momwe muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Buku la Bridglal Pachai la Land and Politics in Malawi, la m'chaka cha 1978, ndi poyambira pabwino kwa wofuna kudziwa kuti malo ati adapita kwa yani. Maofesi a kaundula wa malo ndi a oyeza malo a unduna wa zamalo nawo amathandiza polondola momwe esiteti idadulidwira ndi kugulitsidwira kuchoka kwa mwini woyamba kufika kwa wa lero.

Misampha ya m'mapepala

Msampha woyamba ndi kalembedwe ka mayina. Wofuna Thyolo ayang'ane Cholo, wofuna Mulanje ayang'ane Mlanje. Thuchila adalemba Tuchila, Likhubula adalemba Likabula, Ndirande nthawi zina ndi Ndirandi, Soche ndi Sochi. Nsanje idali Port Herald, Mangochi idali Fort Johnston. Dzina la mfumu imodzi likhoza kulembedwa mitundu itatu m'fayilo imodzi, malinga ndi khutu la mzungu amene adalimva.

Wachiwiri ndi wopweteka mtima. Alhomwe m'mapepala akale amatchulidwa ndi dzina loti Anguru, lomwe eni ake adalikana kuti ndi lonyoza. Lidachotsedwa m'zolemba za boma m'zaka za m'ma 1940 bungwe la Alhomwe lotsogozedwa ndi Lewis Bandawe litalimbana nalo. Wofufuza sangachitire mwina koma kuliyang'ana m'ndandanda wa mafayilo, chifukwa nkhani za makolo ake zidasungidwa pansi pa dzina limenelo.

Wachitatu ndi wa amayi. Boma ndi eni maesiteti ankawerenga kwambiri amuna, okhoma msonkho ndi ogwira thangata, pamene mudzi ndi munda zinkayenda mumzere wa akazi. Mwamuna wolembedwa m'fayilo ngati mwini nyumba mwina adali mkamwini chabe wochokera kutali. Wolondola dzina lake yekhayo akhoza kupezeka akufufuza mbiri ya mudzi wa eni. Apa ndi pomwe mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'matchalitchi akale, monga a Blantyre, Domasi, Nguludi ndi Malamulo, angathandize, poti m'menemo akazi ndi ana amatchulidwa mayina.

Ndiye palinso nkhani yoti munthu mmodzi ankakhala ndi mayina angapo: la paubwana, la kuchinamwali, la paubatizo ndi lina lomwe adapatsidwa kuntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina lofanana lokha si umboni. Lifunika ligwirizane ndi mudzi, mtsinje ndi nyengo.

Chodabwitsa n'chakuti anthu wamba amaonekera kwambiri m'mafayilo pomwe padali mkangano. Mudzi womwe unkalipira lendi mwakachetechete sudasiye mapazi. Womwe udakana kusamuka, kapena womwe nyakwawa yake idakadandaula kwa DC, udalembedwa. Motero zaka za mavuto ndizo zonona kwa wofufuza. M'chaka cha 1946 Sir Sidney Abrahams adafufuza nkhani ya malo n'kulangiza boma kuti ligule malo omwe eni maesiteti sankawagwiritsa ntchito ndi kukhazikapo anthu. Kugulako kudayamba pang'onopang'ono, ndipo gawo lalikulu la Magomero lidagulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mu August 1953, nthawi yomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakhazikitsidwa, zipolowe zidabuka ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 adaphedwa. Thangata idathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962. Mabanja ambiri amene lero ali pamalo omwe amati ndi a makolo adafikapo m'zaka zimenezi, atasamutsidwa kuchoka m'maesiteti.

Pepala si khasu

Ena amayamba kufufuzaku ali ndi chiyembekezo choti akapeza chikalata cha 1893 chotchula mtsinje wa kwawo, ndiye kuti malo abwerera. Zinthu sizili choncho. Maesiteti ambiri omwe adachokera m'zikalata za Johnston adagulitsidwa kangapo, ndipo malamulo a malo, kuyambira la 1965 kufika pa a 2016, akhala akuwazindikira ngati malo a eni. Kaya zimenezi n'zachilungamo kapena ayi ndi nkhani yomwe anthu a ku Thyolo ndi Mulanje akhala akuifunsa kwa zaka zambiri, ndipo ali ndi chifukwa choifunsira. Koma yankho lake lili kunyumba ya malamulo ndi kumakhoti, osati m'fotokope yomwe munthu wabwera nayo kuchokera ku Zomba.

Choopsa china n'kugwiritsa ntchito mapepalawa ngati chibonga chokanthira anansi. N'kosavuta kuloza dzina la mfumu pachikalata n'kunena kuti agogo a uje ndiwo adagulitsa dziko, kapena kuuza banja lina kuti ndi obwera. Mfumu yomwe idalemba kamtanda ija sidadziwe chomwe pepala linkanena, ndipo obwera aja ndiwo adasenza thangata yowawa kuposa onse. Lamulo la 1928 litafika, mbadwa ndi obwera adagona mbali imodzi.

Chomwe mapepalawa angathe n'kubwezera banja malo ake m'mbiri: kunena motsimikiza kuti mudzi udali tsidya lino la Thuchila, kuti udagwera m'malire a kampani yakuti m'chaka chakuti, kuti udachoka nthawi ya kuthamangitsidwa kwakuti, ndi kuti kamsitu kaja ka pakati pa tiyi ndi ka yani.

Kusamukako sikudathere nthawi ya atsamunda. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, idapezera malo mabanja oposa 15,000 osowa polima, ndipo ena mwa iwo adachoka ku Thyolo ndi Mulanje kukakhala m'maboma monga Machinga ndi Mangochi. Ana amene adabadwira kumalo atsopanowo tsopano ndi anyamata ndi atsikana. Ena mwa iwo sadapondepo ku Thyolo, ndipo manda a agogo awo amangowamva m'nkhani za amayi awo.